Kuzolowera kuthamanga pa treadmill: zimene ndimauza oyamba kumene

Pamsewu munthu akatopa, miyendo imachepetsa yokha liwiro mwini wake osazindikira n'komwe. Pa treadmill, makina othamangirapo okhala ndi lamba woyenda pansi pa mapazi, sizitero. Lamba mukamuika pa liwiro la 9, amayenda pa 9 pomwepo mpaka wina atadina batani, kaya mpweya wakutherani kaya ayi. Mavuto ambiri amene ndimawaona kwa anthu oyamba kumene m'majimu a muno mu Blantyre amachokera pamenepa: kukakamira zitsulo zogwirira, kupepesuka potsika, kuwawa kwa misongolo, ngakhale kugwa kumene. Munthu amasankha nambala imene waiona pa makina a mnzake wapambali, osadziwa kuti mnzakeyo anayamba kalekale.

Choncho tsiku loyamba likhale lophunzira makinawo, osati lothamanga. Pokwera, musaime pa lamba. Imani motang'adza, phazi lina uku lina uko, pa timapulanga tosayenda timene tili m'mphepete mwa lambayo. Kutsogolo kwanu kuli kachingwe, kawirikawiri kofiira, kamene mbali ina kali ndi kiyi wa maginito womatirira pa makina, mbali inayo kali ndi kopanira. Kapanireni ku malaya cha m'chiuno. Ambiri amangokakulunga pa chitsulo poganiza kuti n'kokongoletsa, chonsecho ndi kamene kamazimitsa makina mukaterereka kapena mukatsalira m'mbuyo. Mukatero dinani Quick Start. Makina ambiri amawerenga 3, 2, 1 kenaka lamba amayamba kukwawa pang'onopang'ono. Pondanipo ali pa liwiro lochepalo, yendani, muzikweza pang'onopang'ono mpaka 4 kapena 4.5. Musanapitirire, dinani batani la Stop kamodzi kuti mumve mmene lamba amaimira, chifukwa makina ena amaima mofatsa pamene ena amaima mwadzidzidzi, ndipo ndi bwino kuzidziwa izi mukuyenda kusiyana ndi kuzidziwira pothamanga.

Onaninso ngati manambala a pa sikirini ali m'makilomita kapena m'mamailosi. Makina ena anabwera kuchokera kumayiko kumene amawerenga mamailosi, ndipo palibe anawasintha. Mailosi imodzi ndi makilomita 1.6. Ndiye kuti 6 pa makina a makilomita ndi kuyenda ndawala basi, koma 6 pa makina a mamailosi ndi pafupifupi makilomita 10 pa ola, kumene ndi kuthamanga kwenikweni. Munthu amene dzulo anali pa makina a pakona, lero wakwera ena n'kudina 6 mosaganizira, amadzidzimuka lamba akumukokera kumbuyo. Pafupi ndi nambala pamalembedwa km/h kapena mph. Manambala onse amene nditchule pano ndi a makilomita pa ola.

Kwa munthu wamkulu wa msinkhu wapakati, 4 mpaka 5 ndi kuyenda wamba, 5.5 mpaka 6.5 ndi kuyenda mofulumira, ndipo cha pa 7 thupi limayamba kufuna lokha kudumphadumpha. Woyamba kumene athamange pakati pa 7 ndi 8. Zimaoneka zochititsa manyazi, makamaka pambali panu pakakhala mnyamata amene akuguguda pa 13, koma pa 8 kilomita imodzi mumaimaliza m'mphindi 7 ndi theka, ndipo palibe chochepa pamenepo. Muyeso umene ine ndimaukhulupirira kuposa sikirini ndi wa kulankhula. Ngati mungathe kuyankha moni ndi kufotokoza kumene mwachokera m'chiganizo chathunthu, liwiro lili bwino. Ngati mukungotulutsa mawu awiri n'kupuma wefuwefu, tsitsani ndi 0.5 kapena ndi 1. Amene ali ndi wotchi yoyeza kugunda kwa mtima angachotse zaka zawo pa 220 kuti apeze malire ongoyerekeza: wa zaka 40 malire ake ali cha pa 180, ndipo kuthamanga kofatsa kumakhala cha pa 120 mpaka 135. Tizitsulo tonyezimira ta pa zogwirira timayezanso mtima, koma manja akanyowa ndi thukuta timanama, ndiponso timakukakamizani kugwira pamene simuyenera kugwira.

Nkhani ya kugwira zitsulo ndiyofunika kuikhalira pansi, chifukwa ndi chizolowezi chimene chikakhazikika chimavuta kuchichotsa. Tsiku loyamba ndi lachiwiri gwirani, palibe vuto. Pambuyo pake yambani kusiya: poyamba khudzani ndi nsonga za zala zokha, kenaka dzanja limodzi, kenaka siyani onse kwa masekondi 30, mubwererenso, mpaka mutazolowera. Munthu wogwiritsitsa amawerama, mapewa amakwera kufika m'makutu, ndipo kulemera kwina kwa thupi kumapita m'manja m'malo mwa miyendo. Zotsatira zake khosi ndi msana zimawawa, miyendo silimba, ndipo sikirini imapitiriza kuwerenga ngati kuti ntchito yonse mukuigwira. Choipitsitsa ndi chija chokweza kwambiri kutsogolo kwa makina kenaka n'kulendewera ku zitsulo thupi litapendekera kumbuyo. Pamenepo chikweza chonse mwachifafaniza ndi manja anu. Ngati simungathe kusiya zitsulo, yankho ndi limodzi: liwiro kapena chikweza chakukulirani, tsitsani.

Maso ayang'ane kutsogolo, osati kumapazi. Woyang'ana pansi amatsatira lamba ndi maso ndipo amayamba kuzungulira mutu. Wocheukira kumbali kuti aone amene walowa amapita komwe maso apita, phazi n'kuponda theka pa lamba theka pa pulanga losayenda, ndipo anthu ambiri amagwa chotero. Foni ikalira kapena thaulo likagwa, imitsani makina kaye. Khalani pakati pa lamba, osati kudziphatika ku sikirini chifukwa cha mantha, pakuti kutsogoloko phazi limagunda chivundikiro cha mota ndipo manja amasowa poyenda. Masitepe akhale afupiafupi ndi ofulumira, phazi lizitera pansi pa thupi. Oyamba ambiri amatambasula mwendo patali kutsogolo ngati akufuna kupitirira lamba, chidendene n'kumenya bondo lili chiwongokere. Mungazimve ndi khutu: ngati makina akulira kuti gu gu gu mpaka anthu kucheuka, fupikitsani sitepe ndipo phokosolo lichepa pompo.

Potsika pali zinthu ziwiri zosiyana zimene anthu amazitcha chizungulire. Choyamba n'chakuti mukaponda pansi mumamva ngati nthaka ikuyenda kapena ngati mukuuluzika. Chimachitika chifukwa kwa mphindi 20 miyendo inali kuyenda pamene maso amaona khoma lili pomwepo, ndiye ubongo unazolowera zimenezo ndipo umafuna kanthawi kuti ubwerere. Chimatha pakapita mphindi imodzi kapena ziwiri, ndipo pakatha masabata angapo simuchimvanso. Chachiwiri ndi mdima m'maso, ndipo ichi n'chimene chimagwetsa anthu. Pothamanga, akatumba a m'miyendo amafinya mitsempha n'kumakankhira magazi kumtima. Mukaima mwadzidzidzi, kufinyako kumaleka, magazi amatsalira m'miyendo, kumutu n'kuchepa. Mankhwala a zonse ziwirizi ndi amodzi: mphindi 5 zomaliza muzitsitsa liwiro, kuchoka pa 6 kufika 5, 4, mpaka 3, lamba aime, muimebe mutagwira zitsulo kwa masekondi angapo, ndiye mutsike. Kudumpha pa lamba woyenda kuli ngati kutsika minibasi isanaime pa siteji, mapazi afika pansi koma thupi likadali paulendo.

Tsopano za kuchuluka kwake. Mtima ndi mapapo zimazolowera msanga, pakangotha masabata atatu kapena anayi mumamva kuti befu wachepa. Mafupa, mawondo ndi mitsempha yolumikiza minofu ku mafupa zimafuna miyezi. Kusiyana kumeneku ndi kumene kumavulaza anthu. Mpweya ukayamba kukwana, munthu amaona ngati wafikapo, amawonjezera liwiro ndi nthawi pamodzi, amabwera tsiku lililonse, ndipo sabata yachisanu misongolo yayamba kuyaka moto. Ine ndimalangiza masiku atatu pa sabata, pakati pake pakhale tsiku lopuma, monga Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu kapena Loweruka.

Sabata yoyamba, ndi yachiwiri yomwe kwa amene akhala nthawi yaitali osachita masewera kapena ndi onenepa, ikhale yoyenda basi: mphindi 20 mpaka 25, kuyambira pa 4.5 n'kufika pa 6. Kenaka yambani kusakaniza. Yendani mphindi 5 kuti thupi litenthe, thamangani mphindi imodzi pa 7 kapena 7.5, yendani mphindi 2 pa 5, bwerezani kasanu ndi kamodzi kapena kasanu ndi katatu, malizani ndi mphindi 5 zoziziritsa zija. Sabata yotsatira thamangani 2 kuyenda 2, kenaka 3 kuyenda 2, kenaka 5 kuyenda 2, kenaka 8 kuyenda 2. Liwiro musalikhudze nthawi yonseyi, wonjezerani mphindi zokha. Sabata ikakuvutani, ibwerezeni, palibe amene akukulembani mayeso. Ambiri amene amatsatira dongosolo lotere amafika pothamanga mphindi 20 mpaka 30 osaima pakatha miyezi iwiri kapena itatu, ndipo pamenepo m'pamene liwiro lingayambe kukwera, ndi 0.3 kapena 0.5 basi pa nthawi imodzi. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalimbikitsa kuti munthu wamkulu azichita masewera olimbitsa thupi osachepera mphindi 150 pa sabata ngati ali apakatikati, kapena 75 ngati ali amphamvu, choncho masiku opuma kuthamanga mungathe kuyenda pansi kuti zikwanire.

Kuwawa kulipo kwa mitundu iwiri. Kuphwanya kwa ntchafu ndi akatumba kumene kumabwera mawa lake, n'kukula tsiku lachiwiri, kenaka n'kuzilala, n'kwabwinobwino ndipo kuyenda pang'ono kumakuchepetsa. Koma ululu wa pamalo amodzi pa fupa la msongolo, woti mungathe kuuloza ndi chala chimodzi, umene ukupitirira ngakhale mukuyenda wamba kapena mutagona, si wolimbana nawo. Siyani kuthamanga mukaonane ndi adokotala, chifukwa fupa limatha kuchita mng'alu waung'ono. Chimodzimodzi bondo likatupa. Kubaya kwa m'nthiti kumene kumagwira oyamba ambiri sikoopsa: tsitsani liwiro, pumani mozama, tsinani pamalopo ndi dzanja mpaka kutaleka. Nthawi zambiri kumabwera chifukwa chothamanga m'mimba muli modzaza. Mukadya nsima dikirani maola awiri kapena atatu. Othamanga m'mamawa asanapite ku ntchito, nthochi imodzi kapena kachidutswa ka mbatata ndi madzi zimakwanira.

Pali anthu amene ayenera kuyamba apita kuchipatala asanakwere makinawa: odwala BP, shuga, mphumu kapena mtima, amayi oyembekezera ndi amene angochira kumene, komanso aliyense wopitirira zaka 40 amene sanayezetse BP kwa nthawi yaitali. Kuyezetsa sikutenga nthawi, pa chipatala chaching'ono cha ku Ndirande, Zingwangwa kapena Limbe amayeza, ngakhale m'mafamase ena. Amene mwangochira malungo musathamangire kubwerera, magazi amakhala atachepa ndipo mtima umagunda kwambiri pa ntchito yochepa, choncho yambaninso ndi kuyenda. Ndipo mukamva kuthina kapena kupweteka pachifuwa, ululu wotsikira ku dzanja kapena wokwera ku nsagwada, kapena kukomoka kukukuyandikirani, dinani Stop nthawi yomweyo, itanani munthu, mupite kuchipatala.

Chinthu china chimene chimadabwitsa oyamba ndi kutentha. Panja mukamathamanga mumadzipangira nokha kamphepo kamene kamaumitsa thukuta, ndipo thukuta likamauma m'pamene thupi limazizira. Pa treadmill muli malo amodzi, mpweya wotentha umakuzungulirani, thukuta limangoyenderera osauma, mtima n'kumagunda kwambiri pa liwiro lomwe lija munkalikwanitsa. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, pamene Blantyre amapitirira madigiri 30, zimenezi zimakula, makamaka m'jimu ya malata yopanda siling'i. Sankhani makina a pafupi ndi fani kapena windo, bwerani m'mawa kapena dzuwa litapendeka, ndipo tsitsani liwiro ndi 0.5 osadziimba mlandu. Botolo la madzi la 500 ml limakwanira pa theka la ola, muzimwa pang'onopang'ono pa nthawi yoyenda ija. Zovala majuzi ndi mapepala apulasitiki m'kati kuti mafuta asungunuke ndi bodza loopsa. Chimene chimatuluka ndi madzi, sikelo ikatsika ndi kilogalamu imodzi ndiye kuti mwataya pafupifupi lita imodzi, ndipo ibwerera mukangomwa. Pamene tili pomwepa, makalori a pa sikirini musawakhulupirire kwambiri, makamaka ngati simunalowetse kulemera kwanu. Munthu wa makilogalamu 70 akathamanga makilomita 5 amawotcha cha m'ma 350, pamene botolo limodzi la 500 ml la chakumwa chotsekemera limabweza pafupifupi 200.

Za magetsi tonse tikuzidziwa. Akazima mukuthamanga, lamba amaima mofulumira chifukwa cha kulemera kwanu, koma thupi limapitirira kutsogolo, chifuwa n'kukagunda sikirini. Pa 7 kapena 8 mumangodzandira pang'ono, pa 14 ndi nkhani ina. Mukaona mababu akuphethira, gwirani zitsulo ndipo tsitsani liwiro. Akazima, ikani mapazi pa timapulanga ta m'mbali tija, musaime pa lamba podikira jenereta. Makina ambiri amayambira pa ziro magetsi akabwera, koma si nzeru kuyesera ndi miyendo yanu.

Nsapato siziyenera kukhala zodula. Za pa kaunjika mu msika wa Limbe kapena wa Blantyre zimagwira ntchito bola mudziwe posankha. Zitembenuzeni muone kunsi: ngati chidendene chadyeka mbali imodzi, zisiyeni. Finyani mphira wapakati uja ndi chala, ngati waphwatalala ndipo ali ndi makwinya ambiri ndiye kuti anatha kale ngakhale pamwamba pakuwala. Kutsogolo kwa chala chachikulu kutsale mpata wokwana chala chamanthu cha kudzanja, chifukwa phazi limafufuma pothamanga, ndipo nsapato yothina imadetsa zikhadabo ndi kutulutsa matuza. Nsapato za mpira, masilipasi ndi zija zafulati zoyendera m'tauni si zake. Zingwe mangani kawiri. Amayi amene mumabwera mutamanga chitenje pamwamba pa thayiti, chivuleni pokwera kapena valani siketi yaifupi yamasewera pamwamba pake, chifukwa nsalu yolendewera ikakodwa kumbuyo kwa lamba imakugwetsani.

Batani la incline limakweza kutsogolo kwa makina kuti mukhale ngati mukukwera phiri. Nambala yake ndi peresenti: 5 ndiye kuti pa mamita 100 aliwonse mwakwera mamita 5. Mwezi woyamba lisiyeni pa 0 kapena 1. Othamanga ambiri amaika 1 pofuna kubwezera mphepo imene panja imakukankhani, koma pa liwiro la woyamba kusiyanako n'kochepa kwambiri, musavutike nako. Mukazolowera, kuyenda pa 4 mpaka 6 peresenti kwa mphindi 2 kapena 3 kumalimbitsa miyendo popanda kuguguda mawondo, ndipo kwa onenepa n'kwabwino kuposa kuthamanga. Kungoti musakweze msanga, chifukwa chikweza chimakoka mtsempha wa kuseri kwa chidendene, ndipo umenewu ukatupa umatenga miyezi kuti upole.

Kutopa ndi kuyang'ana khoma nakonso kumabweza anthu. Sizachilendo: makina akale a dzina lomweli anawapanga injiniya wa ku England, William Cubitt, mu 1818 kuti akaidi azipondaponda ngati chilango. Phimbani sikirini ndi thaulo kuti musamawerenge masekondi, kapena gawani nthawi m'zidutswa za mphindi 5, chilichonse musinthe kanthu kakang'ono pa liwiro kapena pa chikweza. Nyimbo zimathandiza, bola mahedifoni asakhale a chingwe chachitali chokodwa m'manja.

Amene mukuganiza zogula anu a kunyumba, yang'anani lamba ndi mota musanayang'ane kukongola kwa sikirini. Lamba wothamangirapo akhale wotalika masentimita 130 mpaka 150 ndi wotambalala 45 mpaka 50. Tija tating'ono tolowa pansi pa bedi n'toyendapo chabe. Mota ikhale ya mphamvu yosachepera 2.5 CHP (muyeso wa mphamvu imene mota imatulutsa mosalekeza), ndipo onani malire a kulemera kwa munthu amene alembedwapo. Kumbuyo kwa makina kusiyidwe malo a mamita awiri opanda khoma kapena tebulo, kuti mukagwa lamba akutayeni poyera m'malo mokusupulani khungu mutapanikizika. Lumikizani kudzera pa chotetezera magetsi, chifukwa magetsi obwera mwamphamvu amapsereza bolodi ya zamagetsi ya m'kati mwa makinawo, imene ndi yodula ndiponso yosowa. Pansi pa lamba pamafuna mafuta a silikoni, osati ophikira, girisi kapena oyilo wa galimoto. Lamba akamachita ngati akuterereka mukaponda, mangani mabawuti awiri a kumbuyo mofanana, kota ya kuzungulira mbali iliyonse, muyese, mubwereze ngati pakufunika. Fumbi la chilimwe limalowa ku mota, choncho muziphimba makinawo ndi kupukuta pansi pake. Ndipo kiyi uja muzichotsa n'kubisa mukamaliza. Ana amakonda kulowetsa manja kumbuyo kwa lamba woyenda, ndipo amapsa moopsa m'kanthawi kochepa.

Ambiri amayamba treadmill nyengo ya mvula kapena chiperoni chikavuta mu Juni ndi Julayi, kenaka amafuna kutulukira pamsewu. Yembekezerani kuti tsiku loyamba panja likhala lolemera. Palibe lamba wokuuzani liwiro, ndiye pafupifupi aliyense amanyamuka mothamanga kwambiri n'kuthera mpweya pa kilomita yoyamba. Phula ndi lolimba kuposa thabwa la makina limene limanyutuka pang'ono, ndipo pali maenje, miyala ndi akabaza oti muziwapewa, zimene akakolo anu sanaphunzire. Chachikulu ndi matsitso. Blantyre alibe malo athyathyathya ambiri, mukakwera ku Chilomoni, Namiwawa kapena Bangwe mudzatsikanso, ndipo makina ambiri amadziwa kukweza kokha, sadziwa kutsitsa. Kutsetsereka ndi kumene kumaphwanya ntchafu za kutsogolo ndi kuguguda mawondo. Choncho ulendo woyamba panja ukhale theka la mtunda umene mumathamanga pa makina, pa bwalo la mpira kapena msewu wosakwera kwambiri, moyang'anana ndi magalimoto amene akubwera, ndipo potsika chitunda muziyenda kapena kufupikitsa masitepe kwa masabata awiri kapena atatu oyamba.